Spray wax ndi quick detailer: mugwiritse iti, nthawi yanji, ndipo mupukute bwanji

Funso ili landipeza kambirimbiri moti ndaganiza zolemba yankho lake kamodzi, kuti wofunsa wina aliyense ndizingomulozera pano. Munthu amagula mabotolo awiri, onse opopera, onse onunkhira bwino, onse olonjeza kuti galimoto iwala, kenako n'kufunsa kuti, "Kodi si mankhwala amodzi omwewo, angosintha dzina?" Ena amafunsa zinthu zitavuta kale. Boneti yadzaza timizere tomwe timaonekera dzuwa likawomba, chonsecho mwini wake amaipukuta m'mawa uliwonse ndi mtima wonse. Amenewa ndiwo amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa pentiyo aiwononga ndi khama lawo lomwe.

Si amodzi ayi. Quick detailer ndi yochotsera kafumbi kochepa, zidindo za zala ndi timadontho tatsopano pa galimoto yomwe ili yoyera kale. Spray wax ndi yotetezera penti yomwe mwangomaliza kuitsuka. Munthu sadzola mafuta asanasambe. Spray wax ndiye mafuta odzolawo, ndipo quick detailer ndi kansalu konyowa kopukutira thukuta masana, komwe sikalowa m'malo mwa kusamba.

Chomwe mukuchisamalacho

Galimoto zambiri za masiku ano penti yake ili m'magawo atatu. Pansi pali primer yogwira chitsulo, pakati pali utoto womwe mumauonawo, ndipo pamwamba pali clear coat, yomwe ndi vanishi wopanda mtundu. Kunyezimira konse kumachokera pa clear coat imeneyi, ndipo ndi yomwe imakandika. Pa galimoto yochokera kufakitale imakhala yokhuthala ma micron pafupifupi 40 kapena 50 basi. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo pepala wamba losindikizirapo makalata limakwana ma micron 100. Ndiye kuti chomwe chikuteteza utoto wa galimoto yanu n'chopyapyala theka la pepala, ndipo chikatha sichimeranso.

Fumbi nalo si ufa wofewa monga limaonekera. Mumakhala tinjere ta mchenga, ta mwala wotchedwa quartz, womwe pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa zinthu uli pa 7, pamene mpeni wachitsulo uli cha pa 5.5. Clear coat ndi yofewa kutalitali poyerekeza ndi zonsezi. Kanjere kamodzi kakapanikizika pakati pa nsalu ndi penti, inu n'kukoka, kamasiya mzere. Mizere yotereyi ikachuluka ndiyo imaoneka yozungulira padzuwa, ija anthu a ntchitoyi amaitcha swirl marks.

Zomwe zili m'mabotolomo

Quick detailer gawo lake lalikulu ndi madzi. M'madzimo anasakanizamo zotereretsa, mankhwala pang'ono omasula litsiro, ndi zowalitsa. Ntchito yake ndi kukuta kanjere kafumbi kalikonse kuti katsetsereke n'kulowa m'nsalu osakhula penti. Ikauma imasiya kuwala ndi kuterera, koma zimenezi sizikhalitsa. Mvula imodzi kapena kutsuka kamodzi, zapita.

Spray wax ili ndi zinthu zopangidwa kuti zitsalire pa penti. Ina ili ndi carnauba, phula lochokera ku masamba a mgwalangwa wotchedwa Copernicia prunifera womwe umamera kumpoto chakum'mawa kwa Brazil. Phula limeneli limasungunuka pa madigiri 82 mpaka 86, n'chifukwa chake limapirira kutentha kwa boneti. Ina ili ndi ma polymer opangidwa kufakitale, ndipo ina analembapo SiO2 kapena ceramic. Zonsezi zimasiya kachikuto kopyapyala komwe kamakana madzi n'kuchititsa kuti litsiro lisakanirire. Kachikutoka kamatha masabata angapo, ndipo spray wax yabwino ya ma polymer kapena SiO2 imatha kufika miyezi iwiri kapena itatu ngati galimoto imagona mu galaja ndipo imatsukidwa ndi sopo woyenera. Mphamvu yotsukira ilibe yokwanira. Mukaipopera pa fumbi, mukupaka fumbilo pa penti.

Ambiri chilichonse chowalitsa galimoto timangoti polishi, ndipo m'pamene chisokonezo chimayambira. Polishi weniweni ali ndi timichenga tosalala kwambiri tomwe timapala clear coat pang'ono kuti mizere ifafanizike. Mabotolo awiriwa sapala kalikonse. Atha kubisa timizere tating'ono kwa masiku angapo potidzaza, koma mukatsuka timabwereranso pomwepo. Ngati penti yanu yakandika kale, musataye ndalama kusinthasintha mabotolo opopera. Ikufunika polishi.

1. Werengani kumbuyo kwa botolo, osati kutsogolo

Kutsogolo n'kwa otsatsa malonda. Masiku ano kuli quick detailer yothiramo wax pang'ono, kuli spray wax yomwe amati imachotsanso fumbi, kulinso ina yotchedwa spray sealant. Malangizo a kumbuyo ndiwo amaulula chomwe mwagula. Akanena kuti mupake pa galimoto yotsukidwa kale, imeneyo ndi yoteteza, kaya kutsogolo alemba dzina lanji. Akanena kuti imachotsa fumbi lochepa ndi zidindo za zala, imeneyo ndi detailer. Onaninso ngati akulola kupaka pa galimoto yonyowa, pa pulasitiki wakuda ndi pa magalasi, chifukwa apa makampani amasiyana.

Pali botolo lachitatu lomwe anthu amalisokoneza ndi awiriwa, lolembedwa kuti waterless wash. Limeneli lili ndi zotereretsa zambiri kuposa detailer ndipo linapangidwira galimoto yafumbi lochulukirapo. Nalonso lili ndi malire, silithana ndi matope.

2. Konzani nsalu zokwanira

Mufunika nsalu za microfiber zofewa, zosachepera zinayi pa galimoto yaing'ono, ndipo zisanu ndi imodzi n'zabwinoko. Zabwino zimakhala zosakaniza polyester ndi polyamide, kawirikawiri 80/20 kapena 70/30, ndipo kukhuthala kwake amakulemba m'ma GSM, kutanthauza magalamu omwe sikweya mita imodzi ya nsaluyo imalemera. Za GSM 300 mpaka 400 zimakwanira ntchito zonse ziwiri. Dulani kachikwangwani kosokerera m'mbali kaja, kamakanda. Malaya akale, thaulo losambira ndi chiguduli chomwe chimakhala mu buti pamodzi ndi jeke zisayandikire penti.

3. Ikani galimoto pamthunzi, penti izizire

Khudzani boneti ndi kuseri kwa dzanja. Ikakhala yofunda, dikirani. Pa penti yotentha mankhwala amauma musanawafalitse, n'kusiya mikwingwirima yovuta kuchotsa, makamaka pa galimoto yakuda. Ngati mwangofika kumene kuchokera paulendo, boneti imatenthedwanso ndi injini kuchokera pansi, ndiye muzimalizira imeneyo.

4. Yezani litsiro musanakhudze penti

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadutsa mothamanga. Amangoti detailer ndi ya "fumbi lochepa" osanena kuti kuchepako kumathera pati. Komatu mizere yambiri yomwe ndimaiona pa galimoto za anthu osamala inabwera chifukwa cholakwitsa pomwepa, osati chifukwa cha mankhwala oipa. Choncho tikhalitsepo.

Yambani ndi kukumbukira komwe galimoto yayenda chitsukireni. Ngati yangokhala mu galaja kapena pamalo oimikapo tsiku limodzi kapena awiri, fumbi lomwe lili pamwambalo ndi louluka, langotera. Limenelo detailer ithana nalo. Koma ngati yayenda pamvula, ngakhale kamvula kowaza, yankho ndi kutsuka basi. Madzi a mumsewu amabwera ndi mchenga, mafuta, mwaye wa utsi ndi fumbi la mabuleki, ndipo zikauma zimamatirira ngati kachikuto kotuwa. Chimodzimodzi ngati yadutsa msewu wafumbi, ngakhale kamtunda kochepa.

Mame ndiwo amapusitsa anthu ambiri. Galimoto inali ndi kafumbi kochepa madzulo, yagona panja, mame agwa, dzuwa latuluka n'kuumitsa. M'maso fumbilo likuoneka lomwe lija, koma tsopano lamata. Mukayang'anitsitsa pa denga muona timadontho touma tokhala ndi mkombero wa dothi. Limenelo silikutsetserekanso, mukalipukuta mukhala mukulikhula.

Kenako weramani, diso lifanane ndi boneti, muyang'ane molunjika komwe kukuchokera kuwala. Fumbi lotera limaoneka ngati tinjere tapatalipatali, kunyezimira kwa penti kukuonekabe pakati pake. Ngati penti yangoti mbuu, chithunzi cha mtengo kapena nyumba sichikuonekanso bwino m'menemo, litsirolo lachuluka. Galimoto ya mtundu woyera ndi yasiliva zimabisa litsiro, moti mutha kuganiza kuti zili bwino pomwe yakuda yomwe inaima pambali pake ikuoneka yotuwa. Fumbi lomwe lagwera zonsezo ndi lofanana. Musakhulupirire maso okha pa galimoto yowala mtundu.

Uzirani mpweya mwamphamvu pamalo amodzi. Fumbi lotera limasuntha n'kusiya kabwalo koyera. Likapanda kusuntha, lagwira.

Kuyesa komaliza ndi kwa nsalu. Tengani nsalu yowala mtundu, muipopere detailer mpaka inyowe, muisindikize pang'ono pa chitseko cham'munsi, kuseri kwa tayala lakutsogolo, n'kuinyamula molunjika osakoka. Yang'anani. Kakhungu kotuwa pang'ono n'kololeka. Mukaona chidindo chakuda kapena chofiirira, kapena tinjere tomwe mutha kutimva ndi chala, bwezani botolo pashelefu mukatenge ndowa. Musayese polemba ndi chala pa penti monga amachitira ana. Chilembo chimenecho chimatsala mu clear coat, ndipo pa galimoto yakuda mutha kudzachiwerenga mutatsuka kale.

Dziwaninso kuti galimoto imodzi siida mofanana. Denga ndi boneti zitha kukhala zoyenera detailer pomwe kumunsi kwa zitseko, bampala yakumbuyo ndi chitseko cha buti zili ndi mchenga. Kumbuyo kumada msanga chifukwa mphepo imazungulira pamenepo galimoto ikamathamanga n'kumaunjika fumbi. Palibe lamulo loti mupukute galimoto yonse. Pukutani pamwamba pomwe payenera, kumunsiko kudikire tsiku lotsuka. Kusiyana kwake sikuoneka kwenikweni, ndipo ngakhale kutaoneka, fumbi limachoka ndi madzi pomwe mzere umafuna makina.

Mukakayikira, tsukani. Ine ndimaona kuti galimoto kukhala yafumbi masiku awiri owonjezera si vuto konse. Fumbi longokhala silikanda penti. Limakanda likakokedwa.

5. Kapukutidwe ka quick detailer

Pindani nsalu pawiri, n'kupindanso, kuti ikhale ndi mbali zisanu ndi zitatu zoyera. Gwedezani botolo. Poperani malo ochepa, monga theka la boneti kapena chitseko chimodzi, ndipo apa musaumire. Malowo anyowe ndithu, chifukwa madziwo ndiwo akutchinjiriza penti. Dikirani masekondi angapo kuti fumbi linyowe.

Ikani nsalu mosapanikiza, kulemera kwa dzanja lokha n'kokwanira. Kokani ulendo umodzi, molunjika, mbali imodzi. Pokokapo muzipendeketsa dzanja pang'onopang'ono kuti kutsogolo kwa nsalu kuzinyamuka, fumbi lomwe yatola lisapitirire kukhula. Mukafika kumapeto nyamulani, osabwerera ndi mbali yomweyo. Yang'anani nsaluyo mukangokoka koyamba. Imeneyi ndiyo mboni yanu yomaliza: ikada kwambiri, munalakwitsa poyeza, siyani. Tcherani khutu komanso. Nsalu yoyenda pa penti yonyowa bwino siimveka. Mukamva kukhwekhwereza, imani pomwepo.

Anthu amakangana za kupukuta mozungulira. Kuzungulirako pakokha sikukanda, chokanda ndi mchenga. Koma mzere wolunjika umaoneka mukaima mbali imodzi yokha, pomwe wozungulira umagwira kuwala kulikonse komwe mwaima. Ndiye ngati kanjere kapulumuka, bola kasiye mzere wolunjika.

Sinthani mbali ya nsalu mukakoka kawiri kapena katatu. Mbali zonse zikatha tengani ina. Tsatizani ndi nsalu yachiwiri youma kuchotsa chinyezi chotsala. Yambirani pa denga kutsika mmunsi. Nsalu ikagwa pansi, ntchito yake ya tsikulo yathera pomwepo, ngakhale iwoneke yoyera.

Pa zitosi za mbalame detailer ndi yothandiza kwabasi, ndipo n'chifukwa chake ndimalimbikitsa kusunga kabotolo kakang'ono ndi nsalu yoyera m'jumbo mu galimoto. Zitosi zili ndi asidi, ndipo padzuwa zimatha kusiya chipsera mu clear coat m'maola ochepa. Zimakhalanso ndi mchenga ndi njere zomwe mbalame inadya, ndiye musazikhule. Poperani zambiri, yalani nsalu yonyowa pamwamba pake mphindi ziwiri kapena zitatu kuti zifewe, kenako muzitsine ndi nsaluyo n'kunyamula. Bwerezani ndi mbali yoyera mpaka zithe. Tizilombo tophwanyikira pa bampala n'chimodzimodzi ngati tili tatsopano. Utomoni wa mitengo wouma ndi tala wa mumsewu, detailer siingathe. Zimenezo zili ndi mankhwala akeake.

6. Musanapake spray wax, tsukani bwinobwino

Yambani n'kutsukuluza ndi madzi okha kuti mchenga wambiri ugwe musanakhudze. Gwiritsani ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina ya madzi oyera otsukuluziramo chotsukira chanu musanachibwezere mu sopo. Sopo akhale wotsukira galimoto, uja amalemba kuti pH neutral. Sopo wotsukira mbale ndi waufa wochapira zovala anapangidwira kuthana ndi mafuta, ndipo amafooketsa wax yemwe munapaka kale. Matayala ndi malimu zikhale ndi chotsukira chakechake.

7. Imvani penti ndi jumbo

Galimoto ikauma, lowetsani dzanja m'jumbo yopyapyala n'kuyendetsa zala mopepuka pa boneti. Pulasitikiyo imakuza chilichonse chomwe chala chokha sichingamve. Penti yoyera imangoti see. Mukamva kukhakhala, pali zinthu zomwe zinalowerera: tizitsulo ta mabuleki, utomoni, nkhungu ya penti yochokera komwe ena ankapopera. Wax pa penti yotere sagwira bwino ndipo amatha msanga.

Chochotsera zimenezi ndi clay bar, chinthu chofewa chokanyika chomwe mumachiyendetsa pa penti yonyowa. Apa quick detailer ilinso ndi ntchito, ndiyo yotereretsa. Sankhani detailer wamba yopanda wax, poperani kwambiri, yendetsani clay mopepuka mpaka kukhakhala kuleke, ndipo muziikanya pafupipafupi kuti mbali yoyera ibwere kunja. Ikagwa pansi itayeni, mchenga womwe yatola simungauchotse. Izi si za sabata iliyonse. Kamodzi kapena kawiri pachaka n'kokwanira pa galimoto zambiri, ndipo jumbo ija ndiyo izikuuzani.

8. Kapakidwe ka spray wax

Lamulo lake ndi lotembenuza la detailer. Kuja munapopera mowolowa manja, kuno umirani. Kupopera kamodzi kapena kawiri pa chitseko n'kokwanira, boneti katatu. Anthu ambiri amachita mosemphanitsa: detailer amaiumira poopa kuti itha msanga, wax n'kumuthira wambiri poganiza kuti chitetezo chichuluka. Zotsatira zake ndi mizere kuchokera ku detailer ndi mafuta osapukutika kuchokera ku wax. Penti imangogwira kachikuto kopyapyala kamodzi, zotsalazo zimathera m'nsalu kapena zimauma pamwamba.

Gwedezani botolo kwambiri, chifukwa zam'katimo zimalekana likakhala. Poperani, falitsani ndi nsalu yoyamba mpaka gawo lonselo lakhudzidwa, kenako pukutani ndi yachiwiri youma nthawi yomweyo. Malizani gawo limodzi musanapite pa lina. Kukakhala mphepo, kapena mukafika pafupi ndi galasi lakutsogolo ndi pulasitiki wakuda, poperani pa nsalu m'malo mwa pa galimoto.

Ngati botolo likulola, njira yosavuta kwambiri ndi kupaka galimoto ikadali yonyowa. Mukangotsukuluza komaliza, poperani kamodzi pa gawo lililonse n'kupukuta ndi thaulo lalikulu la microfiber loumitsira. Thaulo limatsetsereka bwino, madzi amachoka msanga, ndipo mwaumitsa ndi kuteteza pa ulendo umodzi. Chitetezo chake chimachepako pang'ono poyerekeza ndi kupaka pouma chifukwa madzi amasungunula mankhwala, koma ngati mumatero kawirikawiri potsuka, simudzaona kusiyana. Ambiri njira imeneyi ndiyo ndimawalangiza, chifukwa ndi yomwe munthu amapitiriza osatopa nayo.

Mitundu ina, makamaka ya SiO2, imafuna maola angapo isananyowe kuti igwire. Botolo lidzanena. Likatero, musapake mitambo itachita bii.

9. Mikwingwirima ikatsala

Tulutsani galimoto pamalo owala n'kuizungulira. Mukaona malo a mafutamafuta kapena mithunzi yakuda, musawonjezere wax. Yesani nsalu ina youma yoyera, chifukwa nthawi zambiri vuto ndi lakuti yachiwiri ija yanyowa kale. Zikakanika, nyowetsani nsalu ndi madzi, ifinyeni kwambiri, pukutani, n'kutsatiza youma. Kupopera detailer kamodzi kumathandizanso. Ya SiO2 muikonze msanga, chifukwa ikalimba siichoka ndi nsalu yokha.

10. Kudziwa nthawi yobwereza

Musawerenge masiku, yang'anani madzi. Potsukuluza, penti yotetezedwa imaunjika madzi m'timadontho tozungulira tothamanga, kapena madziwo amasefukira pansi msanga n'kusiya pouma. Madzi akayamba kuyala n'kukhala pomwepo, chitetezo chatha. Yezani mutatsuka, osati musanatsuke, chifukwa litsiro lokhala pamwamba pa wax limabisa ntchito yake ndipo mutha kuganiza kuti watha pomwe alipo. Denga, boneti ndi buti zimatha msanga kuposa zitseko chifukwa ndizo zimalandira dzuwa ndi mvula molunjika.

Samalaninso ndi chinyengo cha detailer pano. Mukangoipaka, madzi amapanga timadontho tokongola, ndipo munthu amaganiza kuti galimoto ili ndi chitetezo. Yesaninso mukatsuka kamodzi, muona zoona zake.

Pakati pa kutsuka kuwiri, detailer wamba siichotsa wax, ndiye mutha kugwiritsa ntchito zonse ziwiri mosinthana: kutsuka, spray wax, kenako detailer pa tifumbi ndi zitosi za m'kati mwa sabata. Koma musazolowere kupukuta tsiku lililonse. Ulendo uliwonse womwe nsalu yakhudza penti pali mwayi wa mzere, ngakhale mutasamala chotani. Ngati mungakwanitse botolo limodzi lokha, gulani spray wax, ndipo ndalama yotsalayo ipite ku sopo wabwino ndi nsalu zambiri. Galimoto yomwe imagona panja n'kumayenda tsiku ndi tsiku siipereka mpata wambiri wa detailer, kupatula pa zitosi paja. Detailer imasangalatsa kwambiri amene galimoto yawo imakhala m'nyumba n'kumatuluka mwa apo ndi apo.

Komwe mabotolowa sayenera kufika

Galasi lakutsogolo musalipake wax pokhapokha botolo litanena kuti n'zololeka. Mawaipa amamwaza mafutawo, ndipo usiku pamvula magetsi a galimoto zobwera kutsogolo amangoti mbee m'maso. Mabuleki, popondera pa tayala, mapedulo ndi chiwongolero zisalandire kadontho n'kamodzi komwe, chifukwa chilichonse chotereretsa pamenepo ndi ngozi.

Penti ya matte, ija yosanyezimira, kapena galimoto yokutidwa ndi pulasitiki wa matte, imafuna mankhwala akeake. Wax wamba amadzaza timaenje tomwe timaichititsa kuti isawale, n'kusiya zigamba zonyezimira zomwe simungazifafanize ndi polishi. Galimoto yomwe inapakidwa ceramic coating, chikuto cholimba ndi chokhalitsa chomwe amapaka pamwamba pa clear coat, muziigulira detailer kapena spray yolembedwa kuti ndi ya ceramic, chifukwa carnauba amakhala pamwamba pake n'kuphimba khalidwe lake lokana madzi ndi litsiro.

Ngati galimoto yangopentedwa kumene, funsani wopentayo musanapake wax. Penti yatsopano imapitiriza kutulutsa mankhwala osungunulira kwa masabata angapo, ndipo ambiri amalangiza kudikira masiku 30 mpaka 90. Ya kufakitale ilibe vuto limeneli chifukwa anaiumitsa pa kutentha kwakukulu. Mukamapita kukapentetsa, muuzeni mmisiriyo zomwe mwakhala mukupaka. Mabotolo ambiri ali ndi silicone, yomwe ikatsalira imakana penti yatsopano n'kusiya timaenje tozungulira tomwe amisiri amatitcha fish eyes.

Timadontho toyera touma tomwe timatsala madzi akaumira pa penti ndi mchere wa calcium ndi magnesium. Tatsopano detailer imatichotsa. Tokhalitsa timafuna mankhwala a asidi wofatsa, monga viniga wosungunula theka ndi theka ndi madzi, ndipo pamalo amenewo muzipakanso wax chifukwa asidiyo amamuchotsa. Tikakanabe, ndiye kuti tadya clear coat, ndipo ntchitoyo yasanduka ya polishi.

Kuchapa nsalu

Nsalu za microfiber muzichapa pazokha, osasakaniza ndi zovala za thonje zomwe zimasiya ubweya. Gwiritsani sopo wamadzi wamba. Waufa amatha kusiya tinjere tosasungunuka, ndipo mankhwala ofewetsera zovala amakuta ulusi moti nsalu imaleka kumwa madzi n'kumangomwaza. Musazisite kapena kuziumitsa pa kutentha kwambiri, chifukwa polyester imasungunuka nsonga zake n'kulimba. Zomwe mwapakira spray wax, makamaka ya SiO2, ziviikeni m'madzi mukangomaliza, mankhwala asanaumiremo. Zikauma zisungeni m'chinthu chotseka, ndipo za penti zikhale za mtundu wina kusiyana ndi za matayala kuti musadzasokoneze.

Nsalu ikayamba kukukayikitsani, itengeni n'kuikhula pang'ono kunsi konyezimira kwa CD yakale, kenako muyang'ane CD-yo pa kuwala. Ikasiya timizere, nsaluyo yapuma pa ntchito ya penti. Ipite ku malimu, m'mphepete mwa zitseko ndi mu injini.